Soseji ya mafuta ochepa: bwanji akukana kupereka patenti?

Wowerenga wina watumiza imelo. Akuti anapanga soseji ya mafuta ochepa pothira madzi ndi carrageenan (ufa wochokera ku ndere za m'nyanja umene umagwira madzi) m'malo mwa mafutawo, koma ofesi ya patenti (chikalata choteteza luso latsopano kuti ena asalikopere) ya ku America, USPTO, yakana pempho lake ponena kuti katswiri aliyense akanaganiza zomwezo. Akufunsa ngati nkhani yathera pomwepo.

Sinathe, koma ntchito ilipo. Akukanizani pansi pa gawo 103 la lamulo la patenti la dzikolo. Kukhala chatsopano kokha sikukwanira. Mu 2007, pa mlandu wa KSR ndi Teleflex, khoti lalikulu linati kuphatikiza zinthu zodziwika kale n'kupeza zotsatira zoyembekezeka si luso latsopano. Pa zakudya mpomwe amaumitsa kwambiri: chigamulo cha khoti pa mlandu wa Levin cha 1949 chimati kuwonjezera kapena kuchotsa zosakaniza wamba sikupatsa munthu patenti, pokhapokha zosakanizazo zikagwirizana n'kutulutsa chinthu chosayembekezeka.

Tsono carrageenan mu nyama ndi nkhani yakale. Kampani ya McDonald's inatulutsa baga ya mafuta ochepa yotchedwa McLean Deluxe mu 1991, nyama yake yochokera ku kafukufuku wa Dale Huffman pa Auburn University, ndipo chogwira madzi mmenemo chinali carrageenan yemweyu. Kungosintha muyeso wa carrageenan nakonso sikuthandiza, chifukwa chigamulo cha khoti pa mlandu wa Aller cha 1955 chimati kupeza muyeso woyenera poyesa mwachizolowezi ndi ntchito ya mmisiri aliyense.

Chingakupulumutseni ndi manambala. Aliyense pa ntchitoyi amadziwa kuti mukangochotsa mafuta, soseji imalimba ngati labala, ndipo mukawonjezera madzi imachucha mu paketi. Pangani soseji yanu ndi ya m'chikalata chakale chimene woyesa pempho wa ku USPTO watchula pokukanizani, nyama imodzi, mchere wofanana, kutentha kofanana. Yezani kulemera musanaphike ndi mutaphika, madzi otuluka mu paketi pakapita masiku, ndi kulimba kwake. Yesaninso miyeso yapansi ndi yapamwamba pa wanuwo. Ngati kuchucha kukutsika mwadzidzidzi pa muyeso wanu wokha, umenewo ndiye umboni, ndipo mumaupereka molumbira pansi pa lamulo la USPTO lotchedwa 37 CFR 1.132. Kunena kuti ndi yokoma kuposa zina, popanda anthu olawa osadziwa kuti iyi ndi iti, n'kutaya nthawi.

Ambiri amagwera pa kukula kwa pempho. Ngati munayesa carrageenan wa mtundu wa iota pa 0.5 peresenti, musapemphe mitundu yonse pa muyeso uliwonse. Mtundu wina wotchedwa kappa umauma mophwanyika ndipo umataya madzi, pomwe iota amatanuka, choncho woyesa adzati umboni wanu sukufika pamenepo. Chepetsani pempholo lifanane ndi zomwe munayesadi.