Kumvetsera Twilight kapena kuwerenga?

Achemwali, mwafunsa ngati ndi bwino kumvetsera buku la Twilight lojambulidwa m'mawu m'malo moliwerenga. Ine ndikuti mvetserani. M'buku la Stephenie Meyer limeneli, lomwe linatuluka mu 2005, Bella ndiye amafotokoza yekha zakukhosi kwake, choncho mawu a Ilyana Kadushin, amene amaliwerenga, amakufikitsani mumtima mwenimweni mwa mtsikanayo. Pamene wazindikira kuti Edward ndi namapopa koma n'kumamukondabe, ine thupi linachita tsemwe, pajatu ndinkamvetsera usiku magetsi atazima.

Ndi lalitali, pafupifupi maola 13, ndiye litsitseni pa Wi-Fi lisakuthereni bandulo. Chingerezi chikamathamanga, chepetsani liwiro. Mukamaliza mabuku onse anayi a nkhani ya Twilight, pali Midnight Sun ya 2020, nkhani yomweyo ya m'buku loyambali koma akusimba ndi Edward. Amaiwerenga ndi Jake Abel.