Kwa mayi amene bambo awo akufuna kugulitsa nyumba n'kugula boti

Mayi anzanga, funso lanu ndaliona dzulo usiku, ndipo ndaonanso kuti ambiri muno angoliseka n'kudutsa. Mwati bambo akunyumba atsala pang'ono kupuma pa ntchito, ndiye akuti mugulitse nyumba ya ku Waterfalls kuno ku Harare, mugule boti la matanga, muzikayenda awiriwiri m'zilumba za ku Indian Ocean ngati aja amawaonera pa YouTube. Mukufunsa ngati moyo umenewu ulikodi kapena mdala wanu wangoyamba kubwebweta. Uliko ndithu. Ine ndi bambo a ana anga tinaukhalako chaka ndi miyezi ingapo, ndiye mundilole nditalikitseko.

Ndiyambe ndi kuulula kuti botilo silinali lathu. Bambo kwawo ndi ku Likoma, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku Kariba, kuyendetsa maboti aja ogonamo alendo. Mzungu wina wachikulire amene ankabwerako kudzawedza anali ndi boti la matanga lotalika mamita 12 ku Nosy Be, chilumba cha kumpoto chakumadzulo kwa Madagascar. Miyendo itayamba kumuvuta, anatilemba ntchito yoti tizilisamalira ndi kumalipititsa kumene iye akufuna kudzalipeza. Bambo anayamba apita kaye ku Durban kukatenga ziphaso za panyanja ya mchere. Mwiniwakeyo ankabwera masabata angapo n'kubwerera kwawo, nthawi ina yonseyo tinkatsala awiri basi. Ine wobadwira ku Mbare, madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a mtsinje wa Mukuvisi ukasefukira.

Chimene ndikufuna mumvetsetse n'chakuti m'boti la anthu awiri mulibe pasinjala. Ine ndinakwera ndi maganizo oti ndikukaphika ndi kuchapa, zoyendetsa n'za abambo. Sabata yachiwiri, tikuyenda bwinobwino ndi kamphepo kayaziyazi, bambo anatenga chigubu chopanda kanthu n'kuchiponya m'madzi, iwo n'kukhala pansi, manja pachifuwa. Akuti, "Mayi a ana, ndine uyo ndagwa. Kanditengeni." Ndinaseka. Iwo osaseka. Boti ngati limenelo limayenda pafupifupi makilomita 10 pa ola, n'zochedwa kuposa njinga yakapalasa, koma pamphindi imodzi yokha limakhala litasiya munthu mamita oposa 150 kumbuyo. Ndipo lilibe buleki. Kuti liime muyenera kulozetsa mphuno yake kumene mphepo ikuchokera kuti matanga akhwefuke. Ine ndinakoka chingwe cholakwika, thanga linayamba kukupiza ngati ling'ambika, chitsulo chopingasa cha m'munsi mwa thanga chinangoti fyuu pamwamba pa mutu wanga. Nditafuna kuliza injini ndi pamene bambo anakuwa, chifukwa chingwe china chinali chikukhwekhwereka m'madzi ndipo chikanakulungika ku chopalasira cha injini. Chigubu chija chinandisowa kawiri m'mafunde. Ndinachikola ndi ndodo patapita pafupifupi ola. Bambo anachiyang'ana n'kunena kuti, "Mwatola mtembo."

Sindinawalankhule mpaka mawa lake. Koma usiku umenewo tulo sitinabwere, ndinkangoona mutu wa bambo ukuyandama patali ngati kokonati, ine ndili ndekha ndi boti losadziwa kulibweza. Kuyambira pamenepo ndine ndinkapempha kuti tiponyenso chigubu, mpaka ndinafika pomachitola mphindi zochepa. Ndiye funso loyamba musafunse bambo ayi, dzifunseni nokha: kodi ineyo ndikufuna kuphunzira kuyendetsa boti? Ngati mtima ukukana, nkhani yathera pomwepo, nyumba isakhudzidwe.

China ndi tulo. Kuchoka ku Nosy Be kupita ku chilumba cha Mayotte ndi ulendo wa tsiku ndi theka kapena masiku awiri, ndipo pakati pa nyanja palibe poimika kuti mugone. Mumalondera mosinthana, ife tinkachita maola 3 aliyense. Wina akugona, inu muli panja nokha mumdima, mwadzimangirira ndi lamba ku boti, maso ali pa kampasi ndi pa nyali za sitima zikuluzikulu zodutsa mu Mozambique Channel. Zikuluzikuluzo zimaoneka pa kachipangizo kotchedwa AIS, koma ngalawa za asodzi zambiri zilibe n'komwe nyali. Apa banja limayesedwa m'njira imene sindinaionepo pamtunda: muyenera kugona tulo tofa nato podziwa kuti mnzanu sakusinza. Bambo amene pano amakuimbani belu la pakamwa mukamayendetsa galimoto mumsewu wa Simon Mazorodze, adzagona bwanji inu muli pa chiwongolero?

Sindikubisirani, kukoma kulipo, ndipo mpaka lero ndimakulota. Pali usiku wina madzi ankathetheka kumbuyo kwa boti ngati mwawaza makala amoto obiriwira, tizilombo tating'ono ta m'nyanja timene timawala tikagwedezeka. Anamgumi amabwera m'madzi a Madagascar m'miyezi yozizira kudzaswana, ndipo wina anapuma pafupi nafe mpaka fungo la mpweya wake tinalimva. M'mawa ku Nosy Be mphepo yochokera kumtunda imabwera ndi kafungo ka maluwa a ylang-ylang amene amapangira mafuta onunkhira. Asodzi amapalasa mabwato awo mpaka pa boti n'kumasinthitsa nsomba ndi nthochi, wina akufuna mbedza, wina malaya. Pa Nosy Komba tinyama tija totchedwa lemur timakudumphirani paphewa mukagwira nthochi. Zimene amaonera bambo anu si zabodza. Kungoti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo ojambula mavidiyo aja sajambula tsiku limene pampu ya chimbudzi yatsekeka, mwamuna ndi mkazi agwada m'kachipinda kothina akumasula paipi.

Za madzi ndi magetsi, ife a ku Harare tinaphunzira kale, apa mungapambane azungu ambiri. Thanki yathu inkalowa malita 400. Kusamba kunali kudzithira madzi a m'nyanja kenako n'kutsukuluza ndi botolo limodzi la malita 2, ndipo sopo wamba sachita thovu m'madzi amchere. Magetsi ndi a sola, firiji ndi imene imamaliza mabatire. Chitofu chimakhala cholendewera kuti poto asapendekeke boti likapendekeka, komabe kuthyakula nsima pamafunde kumafuna kuti mudzitsamiritse ndi chiuno, dzanja lina lagwira poto. Ufa weniweniwo unkatisowa, chifukwa ku Madagascar ndi mpunga m'mawa, masana ndi madzulo. Umene tinanyamula unagwa anankafumbwe chifukwa cha chinyontho.

Chimene chinapusitsa ngakhale bambo, munthu wa ku Likoma, ndi kuphwa ndi kudzadza kwa nyanja. Nyanja ya Malawi ndi ya Kariba sizichita zimenezi, koma ya mchere imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo cha ku Beira kusiyana kwake kumatha kupitirira mamita 6. Tsiku lina tinasiya kaboti kathu kakang'ono m'mphepete mwa madzi n'kupita kumsika. Pobwera tinakapeza kali pamatope, madzi ali kutali uko, ndipo tinakakoka tili ndi katundu kumutu ana akutiseka. Kwa boti lalikulu si zoseketsa, mukaponya nangula pamalo olakwika mumadzuka litakhala pamiyala.

Kenako pali nyengo. Kuyambira May mpaka October kumaomba mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, bambo ankangoitchula kuti mwera ngati kwawo, ndipo ndi nthawi yabwino yoyendera. Kuyambira November mpaka April ndi nyengo ya anamondwe. Sindikufunika kukufotokozerani kuti namondwe n'chiyani. Idai wa mu March 2019 anaphwanya Beira n'kufika mpaka ku Chimanimani, Kenneth anatsatira mu April chaka chomwecho n'kuwononga Comoros ndi kumpoto kwa Mozambique, Freddy wa mu 2023 tonse tinalira naye za ku Blantyre ndi Mulanje, ndipo Chido anasakaza Mayotte mu December 2024. Onsewa anadutsa m'madzi amene bambo anu akufuna kukakhalamo. Ndiye nyengo imeneyi isanafike, ambiri amathawitsa maboti, ena kumpoto cha ku Tanzania ndi Kenya, ena kum'mwera ku Richards Bay ku South Africa. Opita kum'mwerawo nthawi zambiri amabisala pa zilumba za Bazaruto, kufupi ndi Vilankulo, kudikira kuti mphepo yoipa idutse. Zilumba za Quirimbas n'zokongola, koma zili ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kumene kwakhala kuli nkhondo ya zigawenga kuyambira 2017, musamvere za m'mabuku akale.

Mapepala nawo ali ndi zawo. Dziko lililonse mukafika mumakweza mbendera yachikasu, n'kupita kwa a doko, a zolowa ndi kutuluka ndi a kasitomu, potuluka chimodzimodzi. Aja a pa YouTube ambiri ali ndi mapasipoti a ku Ulaya ndi America. Mayotte ndi gawo la France, amagwiritsa ntchito ndalama ya euro, ndipo pasipoti ya Malawi kapena ya Zimbabwe imafuna visa yotengeratu musananyamuke.

Tsopano ndalama, pamene pagona nyumba yanu. Eni maboti ali ndi kawerengedwe kawo koti chaka chilichonse kukonza boti kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wake. Ine ndinkasunga malisiti a bwana uja, ndipo sindingatsutse. Mchere umadya chilichonse, zitsulo, mawaya, ngakhale zipi ya chikwama. Matanga amapsa ndi dzuwa. Pansi pa boti pamamera ndere ndi tizigoba, ndiye liyenera kutulutsidwa m'madzi kukapalidwa ndi kupakidwa penti yapadera. Kachipangizo kakang'ono ka injini kakafa mumadikira masabata kuti kabwere kuchokera kunja, mtengo wake muli m'madola. Ife zonsezi sizinkatipweteka chifukwa ankalipira ndi mwiniwake, ife tinkangolandira malipiro. Inu mudzalipira nokha, ndi penshoni. Nyumba ya ku Waterfalls ikhoza kumakupatsani lendi mwezi ndi mwezi muli panyanja, pamene boti limatsika mtengo mukugona. Mabanja amene tinakumana nawo atakhazikika mtima anali oti kwawo anasiya nyumba ya lendi. Oti anagulitsa zonse ndi amene tinkawamva akukangana usiku, pajatu mawu amayenda patali pamadzi.

Nafenso tinkakangana, makamaka poponya nangula. Wina amakhala kutsogolo ndi tcheni, wina kumbuyo pa chiwongolero, injini ikulira, simumvana, ndiye mumayamba kukalipirana maboti ena akuonerera. Tinachita kupangana zizindikiro za manja. Koma taganizirani: kuno mukayambana, mumavala nsapato n'kupita kwa achemwali anu ku Mufakose, kapena mumaitana ankhoswe. M'boti potalikira penipeni ndi mamita 12. Ine ndikakwiya ndinkakakhala kumphuno kwa boti, bambo kumbuyo, ndipo pakapita ola mphepo ikasintha ankafunikabe dzanja langa pa chingwe.

Chimene chinatibweza ife si namondwe kapena ndalama. Ndi maliro. Alongo anga aakulu anamwalira ku Highfield ife tili pa kachilumba kopanda netiweki, uthenga tinaupeza patapita masiku atatu. Kuti tifike kumene kuli ndege, tipeze wolondera boti, tikwere kudzera ku Johannesburg, tinapeza anaika kale, abale a ku Nkhotakota anabwera n'kubwerera. Inu mukudziwa mmene zimakhalira kwa ife, munthu wosaoneka pamaliro a m'bale wake. Panopa intaneti ya pa setilaiti yapeputsa za mauthenga, koma mtunda ndi womwe uja. Ngati muli ndi makolo okalamba kuno kapena kumudzi, kapena mmodzi wa inu amamwa mankhwala a BP kapena shuga tsiku ndi tsiku, kambiranani zimenezi musanakambe za mtundu wa boti.

Ndikanakhala inu, sindikanawakaniza bambo, chifukwa mwamuna wokanizidwa maloto ake amadzagula botilo mobisa. Ndikanati tiyeni tiyese kaye. Ku Lake Chivero, pompano panjira ya ku Bulawayo, kuli makalabu a maboti a matanga ang'onoang'ono, ndipo m'tiboti timeneto ndi mmene munthu amaphunzirira msanga kumva mphepo. Zikakukomerani, ku South Africa, monga ku Cape Town, kuli masukulu ophunzitsa maphunziro a RYA, bungwe la ku Britain la oyendetsa maboti. Oyambira, otchedwa Competent Crew, ndi a masiku 5 mukugona m'boti momwemo, kenako pali Day Skipper, ophunzitsa kukhala woyendetsa boti. Mupite nonse awiri, aliyense atenge chiphaso chake, aliyense adziwe kuitana chithandizo pa wailesi ya VHF, tchanelo 16. Pamasiku 5 amenewo mudzadziwa ngati nseru ya panyanja imakutherani kapena ayi. Ine inkandigwira masiku awiri oyamba a ulendo uliwonse kenako n'kusiya, koma ndinaona amuna amphamvu amene inawagoneka mpaka anatsika. Mukatha apo, chitani hayala boti kwa masabata awiri kapena atatu ku Nosy Be kapena ku Seychelles, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi nyumba.

Mukafuna kuyamba ndi Chivero, ndilembereni ku inbox, bambo a ana angakonde kukuperekezani Loweruka lina. Munyamule zovala zosinthira, chifukwa tiboti timeneto timagudubuzika, ndipo madzi a ku Chivero mukuwadziwa mmene alili masiku ano, mukagweramo mutseke pakamwa.