Pulinta ya mu ofesi ikukana laputopu yatsopano: tigule ina?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito mu ofesi ina ku Area 47. Akuti ali ndi makompyuta 6 ndi pulinta imodzi. Pulintayo inalumikizidwa ndi chingwe cha USB ku kompyuta ya a sekiletale, ndipo onse amasindikiza kudzera pamenepo. Abwana atagula laputopu ya Windows 11, ikukana kulumikizana ndi pulinta, ikungolemba nambala yakuti 0x0000011b. Komanso magetsi akazima n'kubwera, makompyuta ena amati pulinta ili "Offline" pomwe ikuyaka bwinobwino. Funso lawo ndi lakuti: kodi tigule ina?

Mayi, ndalamayo isungeni. Pulinta yanu ilibe mlandu. Vuto lili pa njira imene mapepala anu akudutsa asanafike ku pulintayo.

Nkhani ya nambalayi inayamba mu 2021. Chaka chimenecho kunapezeka mpata woopsa mu Print Spooler, pulogalamu ya Windows imene imaika mapepala pa mzere kuti asindikizidwe. Mpatawo anautcha PrintNightmare, ndipo munthu woipa ankatha kulowerapo n'kulamulira kompyuta yonse. Microsoft inayamba kutseka mipata yotere. Kuyambira mu Ogasiti chaka chomwecho, munthu amene si administrator (mwini ulamuliro wonse pa kompyutayo) sangaikenso driver, pulogalamu imene imathandiza kompyuta kulankhula ndi pulinta, yochokera ku kompyuta ya mnzake, ndipo mu Seputembala anakhwimitsanso mmene makompyuta awiri amalankhulirana pa nkhani yosindikiza. Ndiye kompyuta ina ikakhala ndi ma update atsopano, inzake ili m'mbuyo, ziwirizi sizimvana, basi nambala ija yatulukira. M'maofesi athu muno izi sizachilendo, chifukwa ambiri timazimitsa ma update poopa kuti bandulo itha.

Mukafufuza pa intaneti mupeza ambiri akukuuzani kuti mulowe mu registry, mmene Windows imasungira malamulo ake, muike RpcAuthnLevelPrivacyEnabled pa 0. Zimatheka ndithu, pulinta imayamba kugwira. Koma ine sindikulangizani zimenezo pa kompyuta imene imasunga makalata ndi malipiro a antchito, chifukwa mukhala mwachotsa chitetezo chomwe chija.

Chimene ndingachite ndi ichi. Tembenuzani pulintayo muone kumbuyo. Ngati pali bowo lolowetsa chingwe cha netiweki, kapena ngati ili ndi Wi-Fi, ichotseni pa kompyuta ya a sekiletale, muilumikize ku rauta. Pamenepo aliyense azisindikiza yekha mwachindunji, ndipo a sekiletale akapita ku maliro kumudzi atakiya kompyuta yawo, ntchito siima.

Koma apa mpamene pamabisala "Offline" uja. Rauta imagawira chipangizo chilichonse adilesi ya IP, ndipo magetsi akabwera, imatha kugawa mwatsopano. Pulinta imene dzulo inali pa 192.168.1.20 lero ili pa 192.168.1.23, makompyuta akugogodabe pa khomo lakale. N'chimodzimodzi ndi kompyuta ya a sekiletale panopa: ikachedwa kuyaka kapena adilesi yake ikasintha, enawo amaisowa. Choncho lowani mu rauta, pa gawo la DHCP, logawa maadilesi, muisungire pulinta adilesi imodzi yosasintha. Adilesiyo muiona pa pepala la Configuration Page limene pulinta imatulutsa yokha. Ilembeni pa kapepala, mumate pa pulintapo.

Musanaike driver yatsopano, sesani zakale. Ambiri amadumpha apa, kenako n'kumadabwa kuti vuto labwereranso. Dinani mabatani a Windows ndi R pamodzi, lembani services.msc, imitsani Print Spooler, fufutani zonse zili mu C:\Windows\System32\spool\PRINTERS koma fodayo muisiye, kenako yatsaninso Spooler. Mukatero chotsani pulinta yakale pa mndandanda, dinani Windows ndi R, lembani printui /s /t2, sankhani driver yakaleyo ndipo muichotse pamodzi ndi package yake. Ikakana ponena kuti ikugwiritsidwa ntchito, zimitsani kompyuta, muyatsenso, muyesenso.

Driver itengeni pa webusaiti ya kampani imene inapanga pulintayo, osati pa CD yakale ya mu kabati, osatinso pa mawebusaiti olonjeza ma driver onse aulere, poti kumeneko n'kumene anthu amatola mavairasi. Windows 11 ndi ya 64-bit yokha, ndiye driver ya 32-bit siingalowe. Dawunilodani kamodzi, muike pa fulashi, muzungulire nayo makompyuta onse kuti akhale ndi driver yofanana. Powonjezera pulinta sankhani "Add manually", kenako njira ya IP address, mulembe adilesi ija. Onetsetsani kuti port yake, njira imene kompyuta imafikira pulinta, ndi Standard TCP/IP, osati WSD, njira imene Windows imadzipezera yokha pulinta. M'maofesi amene ndakonzamo, WSD ndi imene yandizunguza kwambiri. Ikapitiriza kunena "Offline" chonsecho adilesi ili bwino, lowani mu Configure Port muchotse chizindikiro pa "SNMP Status Enabled".

Nanga ngati pulinta yanu ndi ya USB yokha? Njira ilipobe. Choyamba, makompyuta onse alandire ma update, makamaka ya a sekiletale. Kenako pa laputopu ija ikani driver panokha, ndipo powonjezera pulinta sankhani Local Port, mulembe dzina la kompyuta ndi la pulinta motere: \\SEKILETALE\PULINTA, malinga ndi maina a kwanuko. Mukatero laputopu sipemphanso driver kwa inzake, ndipo nthawi zambiri nambala ija imasowa.

Chinanso muwauze abwana: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ngati kompyuta ya a sekiletale idakali pa Windows 10, ndalama imene mumafuna kugulira pulinta ikathandize kumeneko. Mukayesa zonsezi mundilembere, ndipo munenenso mtundu wa pulintayo ndi nambala yake kuti ndikulozereni driver yeniyeni.