Tifunseni: Ana aloweza mitundu yotentha ndi yozizira koma pa pepala palibe chikuoneka

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimaphunzitsa Expressive Arts ku Sitandade 7 pa sukulu ina kuno ku Ntcheu ndipo phunziro la warm and cool colours lija landizunguza mutu. Ndimalemba pa bolodi kuti wofiira, olenji ndi chikasu ndi yotentha, buluu, girini ndi pepo ndi yozizira, ana amakopera bwinobwino, ukawafunsa amayankhira limodzi ngati kwaya, koma ukawapatsa pepala kuti ajambule amangopaka chilichonse chimene chawayandikira. Penti tilibe, makrayoni alipo mabokosi awiri basi kalasi yonse. Komanso mwana wina anandifunsa kuti ngati buluu ndi wozizira nanga bwanji moto wa gasi kwa azakhali ake ku Blantyre ndi wa buluu, ine ndinangoti tikambirana mawa. Ndithandizeni chonde. Mphunzitsi, Ntcheu.

YANKHO: Aphunzitsi, tiyambe ndi mwana wa gasiyo chifukwa akunena zoona ndipo musamusiye choncho. Lawi la buluu ndi lotenthadi kuposa lachikasu. Pa sitovu ya gasi mpweya umasakanikirana bwino ndi gasiyo nde zonse zimapseratu, pomwe lawi la koloboyi kapena kandulo limaoneka lachikasu chifukwa muli timwaye tosapsa timene tikungonyezimira ndi kutentha, n'chifukwa chake koloboyi amadetsa mphuno mukagona naye. Nyenyezi nazonso ndi chimodzimodzi, zooneka mwa buluu ndi zotentha kuposa zofiirira. Olo pa katoni ya babu mukaona, lija amalitcha warm white amalemba 2700K pomwe loyera mbee mwa buluu lija amalemba 6500K, manambalawa amafanizira kuwalako ndi kwa chinthu chotentha kufika madigiri amenewo, koma nambala yaikulu ili kwa lomwe timati lozizira. Nde muwauze anawo poyera kuti mu zojambula sitikuyeza ndi femometa ayi, tikukamba za mmene munthu amamvera akaona mtunduwo. Wofiira ndi olenji amatikumbutsa makala oyaka pa mbaula ndi dzuwa la mu Okutobala, buluu ndi girini amatikumbutsa madzi, mthunzi, dimba. Ndi mgwirizano wa maso ndi chizolowezi, womwewo umene umapangitsa kuti mpope wa madzi otentha aziika kadontho kofiira, wa ozizira ka buluu.

Tsopano vuto lenileni. Ine ndikuona ngati mndandanda wa pa bolodiwo ukubwera msanga. Mwana akaloweza mitundu itatu uku itatu uku amaganiza kuti nkhani yatha, pomwe zoona zake n'zakuti mtundu umatentha kapena kuzizira malinga ndi umene wayandikana nawo. Chikasu cha ndimu ndi chikasu cha papaya wakupsa zonse ndi chikasu eti, koma muziike pamodzi muone, cha ndimu chimapendekera ku girini, cha papaya chimapendekera ku olenji. Kufiira kwa tomato ndi kufiira kwa chidede sikufanana, chidede chili ndi kapepo mkati. Girini wa chimanga chongomera kumene ndi wofunda kuposa girini wotuwa wa masamba a bulugamu. Zimenezi mwana sangazimve pomuuza, akuyenera azione yekha ndi maso ake zili pafupi.

Nde chitani izi, ndipo penti sakufunika ngakhale pang'ono. Pitani kwa telala wa pa msika mukapemphe tizidutswa ta zitenje timene amasesa madzulo tija, anawo abweretse zitsekerero za mabotolo, mapepala a masiwiti ndi a sopo, masamba, maluwa, chilichonse cha mtundu. Ambiri amawauza ana kuti aunjike milu iwiri, ine ndimakonda mzere. Jambulani mzere umodzi wautali pansi ndi choko kapena panja ndi kamtengo, mbali iyi kotentha kwambiri mbali iyo kozizira kwambiri, gulu lililonse lindandalike zinthu zake pa mzerewo. Kumapeto kuwiriko sikuvuta, phokoso limabuka pakati, pamene pafika pinki, pepo, girini wa chikasu, wina akuti apa wina akuti ayi sunthira uko. Phokoso limenelo musaliletse aphunzitsi, olo a kalasi yoyandikana adandaule, ndi pamene phunziro likulowa, inu muzingofunsa kuti chifukwa chiyani waika apo. Akatopa kukangana tengani kansalu kamodzi ka girini, mukaike pa nsalu ya olenji, kenako komweko mukaike pa ya buluu, muwafunse ngati kasintha. Aona okha kuti pa olenji kanaoneka kozizira, pa buluu kafunda, chonsecho ndi kansalu komweko.

Tsiku lina atulutseni panja ayang'ane mapiri, poti inu a ku Ntcheu mapiri simusowa. Afunseni kuti phiri lakutali lija ndi la mtundu wanji. Ambiri anena kuti girini chifukwa akudziwa kuti kuli mitengo, auzeni ayang'anenso bwinobwino, apeza kuti ndi la buluu wotuwa, ndipo lomwe lili kuseri kwake ndi lotuwa kuposa pamenepo, pomwe dothi la pa mapazi awo ndi lofiira psuu. Chimachititsa ndi mpweya umene uli pakati pa diso ndi phirilo, umamwaza kuwala kwa buluu kwambiri kuposa kofiira, chomwechonso chimene chimapangitsa thambo kuoneka la buluu. Leonardo da Vinci wa ku Italy, amene anamwalira mu 1519, analemba kale zoti wojambula akafuna kuti chinthu chioneke kutali achipake mwa buluu. Apa ndi pamene mwana amaona ntchito ya phunziroli, kuti mitundu yotentha imaoneka ngati ikubwera kwa iwe, yozizira ngati ikubwerera m'mbuyo. Ntchito yake ikhale yophweka, mizere itatu ya mapiri pa pepala, kutsogolo yotentha, pakati girini, kumbuyo buluu wopepuka, basi pepala lafulati lija layamba kukhala ndi kutali ndi pafupi.

Za penti musadandaule kwambiri, ku TTC, ku koleji ya aphunzitsi kuja, anatiphunzitsa TALULAR, kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka kwathu komweko, pa chifukwa chomwechi. Mitundu yotentha ili mbwee, katondo mumusefe bwino n'kusakaniza ndi madzi ndi kaphala kochepa ka ufa wa chinangwa kuti agwire pa pepala, dothi lachikasu chimodzimodzi, njerwa yootcha yoperapera imapereka olenji wabwino zedi. Ndipo ana asaderere dothi, zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni kwa aneba anu ku Dedza, zomwe UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, zakhala pa miyala zaka mazanamazana ndipo sizinachokere mu shopu. Yovuta ndi yozizira, makamaka buluu, amene m'chilengedwe sapezeka wamba. Apa sinjani choko ya buluu, kapena buluu wochapira zovala uja ngati akupezeka kwanuko, ndipo makrayoni a buluu a m'mabokosi awiri aja muwasunge ngati mankhwala, aziyenda gulu ndi gulu. Girini sinjani masamba a mbatata kapena a nyemba n'kufinya, kungoti pakapita masiku amasanduka bulauni nde zojambulazo muzione ndi kupereka malikisi tsiku lomwelo. Kamatsenga kamene ana amakakonda ndi aka, wiritsani chidede mupeze madzi ofiira, mudonthezeremo chidulo chija amayi amathira mu therere, madziwo amasintha pamaso pawo kuchoka kofiira kupita kobiriwira modera. Mtundu wotentha wasanduka wozizira mu kapu imodzi, tsiku limenelo olo ojomba aja mawa lake amabwera.

Chimodzi ndikupempheni, musawalembere kuti wofiira ndi chikondi, buluu ndi chisoni ngati ndi lamulo. Zoona wojambula wa ku Spain Pablo Picasso kuyambira 1901 mpaka 1904 ankajambula kwambiri ndi buluu anthu osauka ndi achisoni, koma mwana wa ku Mangochi buluu kwa iye ndi nyanja ndi usipa, palibe chachisoni pamenepo, ndipo kufiira kwa pa mbendera yathu kukuimira magazi a omenyera ufulu. Afunseni iwowo kuti mtundu uwu ukukukumbutsa chani. Komanso mukaona mwana, kawirikawiri amakhala mnyamata, akusokoneza wofiira ndi girini mobwerezabwereza pomwe zina zonse amakhoza, musamukalipire kuti ndi matama, ena anabadwa ndi maso osasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi, mulembereni maina pa makrayoni. Mndandanda uja mudzaulembe ndithu pa bolodi poti mayeso a MANEB akuwadikira ku Sitandade 8, koma ubwere kumapeto, iwowo akuuzeni zolemba.

FUNSO: Mwana wanga wabwera ndi homuweki yoti agawe mitundu, nde tasowa poika bulauni, woyera, wakuda ndi wotuwa. Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, woyera, wakuda ndi wotuwa sali mbali iliyonse, mabuku amawaika pa gulu laokha la neutral colours, mwana alembe choncho pansi pa magulu awiri aja. Bulauni mabuku ena amamuika komweko, koma kunena zoona iyeyu ndi olenji wodera, nde ngati aphunzitsi apereka mabokosi awiri okha, apite kotentha.