Funsani Ankolo: Ma superhero omwe opanga mafilimu akuwasiya m'makomiki

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya ma superhero omwe ali m'makomiki zaka ndi zaka koma filimu yawoyawo sanaionepo. Ndasankhapo anayi, enanu musadandaule makalata anu ndawasunga.

Ankolo, ine ndatopa. Chaka chilichonse Batman, Spider-Man, Superman, makolo ake a Batman ndawaona akuomberedwa kambirimbiri mpaka ndachita kuloweza. Inuyo atakupatsani ndalama n'kukuuzani kuti sankhani wosatchuka mmodzi timupangire filimu, mungasankhe ndani? Ndine mphwanu wa ku Area 25, Lilongwe.

Mphwanga, apa sindichedwa n'komwe, ine ndingatenge Icon ndi Rocket, ndipo ndikuti awiri chifukwa ukangowasiyanitsa nkhani yatha. Anatuluka mu 1993 ku kampani ya Milestone Media yomwe anaiyambitsa anthu akuda anayi a ku America, Dwayne McDuffie, Denys Cowan, Michael Davis ndi Derek Dingle, atatopa ndi mmene anthu akuda ankaonekera m'makomiki, nthawi zambiri ngati mnzake wa ngwazi kapena wongodutsa. McDuffie ndi amene ankalemba nkhani ya Icon, M. D. Bright akujambula.

Nkhani yake ili chonchi. Mu 1839 chombo cha m'mlengalenga chinaonongeka ndipo mmodzi mwa omwe anali m'menemo anagwera m'munda wa thonje kummwera kwa America, nthawi yaukapolo imeneyo. Anamutola mayi wina kapolo dzina lake Miriam, ndiye makina a kachombo kaja anamusintha mlendoyo n'kukhala khanda lofanana ndi munthu woyamba amene wamupeza. Taganiza mphwanga, cholengedwa chochokera kutali champhamvu ngati Superman, koma m'malo mogwera pa famu ya azungu achifundo chagwera m'manja mwa kapolo n'kukula ngati kapolo. Sakalamba ngati ife, nde zaka zikamapita amangodzisintha dzina kumati ndine mwana wa uja, kenako mdzukulu wa uja, pofika nthawi yathu ino ndi Augustus Freeman IV, loya wolemera mumzinda wa Dakota, ali phee m'nyumba yake yaikulu, mphamvu zake anazibisa kalekale ndipo akaona achinyamata ovutika mawu ake ndi akuti limbikirani nokha mudzatukuka ngati ine.

Ndiye kukubwera Raquel Ervin, mtsikana wa zaka 15 wa ku Paris Island, dera losauka kwambiri la mzindawo, amene amafunitsitsa kudzakhala wolemba mabuku koma olo makina otayipira alibe. Usiku wina watsagana ndi anzake kukathyola nyumba ya Freeman, waona ndi maso ake bamboyo akuuluka zipolopolo osamulowa, ndiye pambuyo pake m'malo mobisala akubwereranso pakhomo pomwepo kukamufunsa kuti bambo inu muli ndi mphamvu zonsezi mwangokhala, mukuuza anthu kuti adzikweze okha chonsecho inuyo mumatha kuuluka? Ndi mtsikanayu amene akusandutsa Freeman kukhala Icon, dzina, zovala, maganizo onse, ndipo iye akupatsidwa lamba wopangidwa ndi zipangizo za kachombo kaja amene amayamwa mphamvu ya chilichonse chomumenya n'kuibweza, nde akukhala Rocket. Nkhani yonse timaimva kuchokera pakamwa pake. Patangopita nthawi pang'ono akuzindikira kuti ali ndi mimba ya chibwenzi chake chakale, akulimbana ndi maganizo, akusankha kusunga mwanayo, ndipo olemba sanamutaye kapena kumusandutsa chitsanzo choopsezera ana, anangopitiriza naye monga munthu.

N'chifukwa chake ndikuti iyi ndi filimu yakupsa kale. Ndewu yaikulu simo mwa Icon ndi chilombo china chake ayi, ili pakati pa nkhalamba yomwe inaona ukapolo ndi maso ake mpaka unatha mu 1865 ndiye inaphunzira kuti njira yopulumukira ndi kudekha ndi kusaonekera, ndi mwana amene alibe nthawi yodekha chifukwa njala ndi apolisi zili pakhomo pake lero lomwe. Onse awiri ali ndi mfundo, palibe chitsiru pamenepo. Ine ndikanakhala wolemba filimuyo ndikanayambira m'munda wa thonje muja mphindi 10 zokha popanda zoyankhula zambiri, kenako n'kulumpha mpaka usiku wakuba uja, ndipo kamera isamachoke pa Raquel. Makomiki ake oyamba anafika 42 asanaime mu 1997, anawayambiranso mu 2021, ndipo awiriwa anaonekerako m'katuni ya Young Justice, koma filimu ya anthu enieni mpaka pano zii. McDuffie anamwalira mu 2011 asanaione, zimenezi zimandipweteka ndithu.

Achimwene, ine ndimaonetsa mafilimu pa video show ndiye ndimadziwa kuti anthu amalowa akaona dzina lomwe akulidziwa pa bolodi. Ndiye zomwe anthu akunenazi zoti apange mafilimu a ma superhero osadziwika si kutaya ndalama kumeneko? Wowerenga wa ku Ndirande.

Achimwene, za pa bolodi mukunena zoona ndipo inu mumazidziwa kuposa ine, koma mayina omwe lero akukokera anthu pakhomo panupo ambiri anali osadziwika dzana lomweli. Kampani ya makomiki ya Marvel inagwa mu 1996, ngongole zinaichulukira, ndipo m'zaka zimenezo ufulu wopanga mafilimu a ngwazi zake zikuluzikulu unapita kwa ena, X-Men ku Fox, Spider-Man ku Sony. Amene anayamba kuonetsa kuti anthu a Marvel angathe kugulitsa matikiti anali Blade mu 1998, uja wa Wesley Snipes, amene m'makomiki anayamba mu 1973 ngati munthu wapambali chabe m'nkhani ya Dracula. Filimu yopangidwa ndi madola pafupifupi 45 miliyoni inabweretsa opitirira 130 miliyoni.

Mu 2005 Marvel inakongola madola 525 miliyoni kuti izipanga yokha mafilimu, chikole chake mayina a ngwazi zina zomwe inatsala nazo, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Iron Man wa 2008 uja kunja kwa owerenga makomiki sankatchulidwa pamodzi ndi Spider-Man ayi, koma chaka chotsatira Disney inagula Marvel yonse pa madola pafupifupi 4 biliyoni. Nanga Guardians of the Galaxy mu 2014, gulu lomwe muli kanyama kolusa konyamula mfuti ndi mtengo woyenda wodziwa mawu atatu okha, ndani ankawadziwa amenewo? Anapanga opitirira 770 miliyoni.

Koma ndisakunamizeni kuti wosadziwika aliyense ndi golide. Sony inayesa ndi Morbius mu 2022, kenako Madame Web ndi Kraven mu 2024, zonse zinagwa chagada, ndipo kwa ine vuto silinali kusatchuka kwa mayinawo, vuto linali loti anawatola chifukwa choti ufulu wawo ali nawo kale m'kabati osati chifukwa pali nkhani yomwe ikuwasowetsa tulo kuti ainene. Oonera amamva fungo la zimenezo msanga, ngakhale ana a pa benchi yakutsogolo pa video show panupo.

Ankolo, ndine mayi wa ana aakazi awiri, kwathu ndi ku Chipata koma ndimakhala ku Johannesburg. Ana anga amakonda Black Panther koma amandifunsa kuti kodi kulibe superhero wamkazi wochokera mbali yakwathu kuno amene filimu n'kukhala yakeyake?

Mayi, alipo, ndipo dzina la dziko lake mukalimva mumwetulira. Ndi Vixen wa ku kampani ya makomiki ya DC, dzina lake lenileni Mari McCabe, anamupanga Gerry Conway ndi Bob Oksner. Amayenera kukhala ndi komiki yakeyake mu 1978 koma kampani inadula makomiki ambiri chaka chimenecho yake n'kupita nawo, nde anadzatulukira mu 1981. M'nkhanimo kwawo ndi dziko longopeka lotchedwa Zambesi. Mayi ake anaphedwa ndi opha nyama mozemba, bambo ake omwe anali abusa anaphedwa ndi m'bale wawo yemwe, mkulu wa asilikali, polimbirana mkanda wa makolo wotchedwa Tantu Totem, ndipo Mari anathawira ku New York komwe anakhala model wotchuka asanabwerere kukatenga mkanda uja. Akauvala amatha kubwereka luso la nyama iliyonse, mphamvu za njovu, liwiro la kakwiyo, maso a nkhwazi, zonse popanda iye kusanduka nyamayo. Anali ndi katuni yaifupi mu 2015 ndipo Megalyn Echikunwoke anamusewerako m'sewero la pa TV la Arrow, koma filimu yaikulu ayi.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandinyansa pa nkhani yake ndipo ndichinena. Dziko analitcha Zambesi, dzina lotengedwa ku mtsinje wathu womwe uno umene Shire amakathiramo ku Mozambique, koma mkandawo akuti unachokera kwa Anansi, kangaude wa m'nthano za Aakan a ku Ghana, mtunda wa makilomita masauzande kuchokera ku Zambezi. Ndiko kuona Africa ngati mudzi umodzi kumeneko, kutola chigoba uku, dzina uko, n'kusakaniza mumphika umodzi. Atandifunsa ine, filimu ya Vixen ndingaimangirire m'chigwa chenicheni cha Zambezi. Kumeneko kuli mbiri yolemera kale, damu la Kariba lomwe linamangidwa m'zaka za m'ma 1950 linasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 kuwachotsa m'minda ndi pa manda a makolo awo, ndipo Atongawo ali ndi chikhulupiriro chawo cha Nyami Nyami, mzimu wa mtsinjewo. Mtsikana wokulira kunja amene akubwerera kukafuna cholowa cha agogo ake n'kupeza kuti mudziwo uli pansi pa madzi, ameneyo ndi munthu amene ana anu ku Johannesburg angamumvetse bwino kwambiri. Koma zikatero alembe ndi anthu a kumeneko ndipo eni mwambo afunsidwe kaye, osangolowa ngati m'munda mopanda mwini. Komanso nkhani ya mfunda ndi ziwongo, yoti banja lakutilakuti limagwirizana ndi nyama yakutiyakuti ndipo siliidya, ife tili nayo kale, a Mbewe, a Ngoma, a Tembo, nde mphamvu za Vixen sizifuna kuchita kubwereka kangaude wa ku Ghana kuti zimveke.

Podikira zimenezo, awonetseni Supa Team 4 yomwe inatuluka pa Netflix mu 2023. Anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, inapangidwa ndi a Triggerfish a ku Cape Town, ndipo ndi ya atsikana anayi a sukulu mu Lusaka wa m'tsogolo omwe akulembedwa ntchito yopulumutsa dziko ndi mayi wina kazitape wopuma. Siinachokere m'komiki koma funso la ana anulo ikuliyankha ndithu.

Akulu, mnzanga akuti kuli Batman wa ku Africa ine ndikuti akunama. Tiweruzeni. Komanso Static wa m'katuni uja anathera kuti? Mnyamata wa ku Mzuzu.

Aise, mnzakoyo wawina. Ndi Batwing, dzina lake David Zavimbe, anatulukira mu 2011, wapolisi wa mumzinda wongopeka wa Tinasha ku Democratic Republic of Congo, amene Batman anamupatsa suti youluka ndi zipangizo. Makolo ake anamwalira ndi Edzi, iye ndi mng'ono wake Isaac anagwidwa n'kukhala asilikali akadali ana, ndiye ukulu wake wonse akulimbana ndi zomwe manja ake anachita ali mwana. Mu 2013 olemba anamusiyitsa u-Batwing n'kuupereka kwa Luke Fox wa ku Gotham kwawo kwa Batman, basi Africa n'kutsala pomwepo. Filimu yake ingatheke, koma ineyo ndili ndi mantha nayo pang'ono chifukwa ikagwera m'manja olakwika idzangokhala ya nkhondo, matenda ndi ziphuphu ngati kuti ku Congo kulibe china, chonsecho Kinshasa ndi mzinda wa nyimbo, zovala ndi anthu ochenjera kwabasi. Ndingaivomere pokhapokha wotsogolera atakhala wa ku Congo komweko.

Za Static, ameneyo ndi wa ku Milestone komwe kuja kwa Icon, wa 1993 yemweyo. Virgil Hawkins, mwana wasukulu wanzeru koma wovutitsidwa ndi anzake, anapatsidwa mfuti kuti akathane ndi womuzunza uja usiku womwe magulu a zigawenga anakumana kuti amenyane, atafika analephera kuomba, ndipo nthawi yomweyo apolisi anathira utsi wosakaniza ndi mankhwala oyeserera umene unapha ambiri, otsalawo n'kukhala ndi mphamvu zachilendo, iye zake zamagetsi. Katuni yomwe ukuikumbukayo inayenda kuyambira 2000 mpaka 2004, zigawo 52. Mu 2020 analengeza kuti filimu ikubwera ndipo Michael B. Jordan analowamo ngati mmodzi wa opanga, koma pomwe ndikulemba pano sinatuluke. Ngati ukufuna kumuonanso, Static alimo mu Young Justice kuyambira season yachiwiri, ndipo makomiki ake atsopano anayambiranso mu 2021.