Mafunso a owerenga: mpikisano wa mbedza m'chisanu cha ku England

Funso: Akonzi, ndimakhala ku England, ndipo anzanga akuntchito andilembetsa mpikisano wowedza nsomba pa kanyanja kena mu Januwale. Mbedza ndimaidziwa, ndinakulira ku Nkhotakota. Koma nditapita kukayeserera ndinakhala maola anayi osakola ngakhale imodzi, chonsecho nyambo ndinamwaza yambiri. Ndinalakwitsa pati? Nanga zimene ndingagwire ndingapite nazo kunyumba? Wowerenga wa ku Leicester.

Yankho: Achimwene, munalakwitsa pomwazapo pomwepo. Thupi la nsomba limatsatira kuzizira kwa madzi. Madzi akatsika kufika pa madigiri 4 kapena 5, nsomba monga roach, bream ndi carp zimangoti duu, zimagaya chakudya pang'onopang'ono, ndipo mphutsi zochepa chabe zimazikhutitsa. Mukathira zodzaza manja, zimakhuta zisanafike pa mbedza yanu. Chimene mwaponya m'madzi simungachivuule, choncho yambani ndi zochepa zedi.

Tsiku lake limayenda motere. M'mawa mumachita mayere kuti mudziwe malo anu, omwe amawatcha pegi, ndipo simusunthapo. Nthawi zambiri mpikisano umatenga maola asanu. Nsomba mumasunga zamoyo mu ukonde wautali womira m'madzi, pamapeto aziyeza pa sikelo mu mapaundi, paundi imodzi kukhala magalamu 454. Amapambana ndi kulemera, osati kuchuluka.

Musanaike nyambo, yezani kuya. Kolowekani kachitsulo kolemera pa mbedza, mukatsitse malo angapo kutsogolo kwanu mpaka mudziwe pozama ndi pomwe pansi payamba kutsetsereka. Madzi amalemera kwambiri ali pa madigiri 4, motero chisanu chikalimba, ofundirako amakhala pansi penipeni, ndipo nsomba zimaunjikana kumeneko. Ambiri amagwiritsa ntchito ndodo yaitali yolumikizalumikiza yotchedwa pole. Sankhani malo awiri pa mtunda wa mamita 11 mpaka 13, kumanzere ndi kumanja, ndi achitatu pafupi, pa mamita 5 kapena 6.

Zida zichepe. Madzi a m'chisanu amayera mbee, nsomba zimaona chingwe. Mbedza ikhale yaing'ono kwambiri, ya nambala 20 kapena 22, kachingwe kakumapeto ka mamilimita 0.08 mpaka 0.10, ndipo float, kachizindikiro koyandama kaja, ikhale ya magalamu 0.3 mpaka 0.5 pa madzi akuya mita ndi theka kapena mamita awiri. Iwonjezereni timachaka tolemetsa mpaka kansonga kokha katsale pamwamba, chifukwa nsomba ya m'chisanu imajompha mwaulesi, float yotuluka kwambiri siisuntha n'komwe. Nyambo izingokhudza pansi. Kukakhala mphepo, talikitsani ndi masentimita awiri kapena atatu kuti isakokedwe.

Tsono nkhani yagona pa kadyetsedwe. Theka la painti ya mphutsi (painti imodzi imaposa pang'ono theka la lita) ndi theka la timphutsi ting'onoting'ono totchedwa pinkies n'zokwana tsiku lonse, mwinanso zitsala. Pamalo oyamba tsitsani mphutsi zisanu mpaka khumi ndi kakapu ka kunsonga kwa ndodo, kuti zigwere pamodzi. Pamalo achiwiri ikani kambulu ka ufa wa nyambo kofanana ndi dzira la nkhunda, wakuda osati woyera, popeza nsomba zazing'ono zimaopa kuima pamwamba pa chinthu chowala m'madzi oyera, pomwe adani angazione. Malo achitatu aja muziponyapo mphutsi zitatu pakadutsa mphindi khumi, koma musawedzepo msanga.

Pakatha mphindi 20 osamva kanthu, dzanja limayabwa kufuna kuwonjezera. Ugwireni mtima. M'malo mothira zina, sinthani malo, kapena kwezani nyambo pang'ono n'kuitsitsa mofatsa, chifukwa nsomba ya perch makamaka imakopeka ndi chinthu choyenda. Mukayamba kukola, gwirani ziwiri zitatu, mupite kwina, malowo apume. Gulu la m'chisanu limabalalika mukalikoka motsatizana. Kawirikawiri nsomba zimadzuka dzuwa likamapendeka, ndipo ola lomaliza pamalo apafupi aja lingakupatseni zambiri kuposa maola anayi apitawo. Ngati m'nyanjamo muli carp, yesaniko kachidutswa ka buledi ka mamilimita 6 kapena 8 pakatikati pa madzi, m'mbali mwa bango, osamwaza kalikonse.

Zozifunditsa musazipepuse. Valani malaya angapo osanjikiza, nsapato zosalowa madzi, chipewa, ndipo tengani tiyi m'fulasiki ndi kansalu kopukutira. Zala zikachita dzanzi simungakoleke mphutsi pa mbedza ya nambala 22. Madzi akaundana pamwamba, musayese dala kupondapo.

Za ndiwo zija, ayi ndithu. Nsomba zonse zimabwezedwa m'madzi zamoyo zikayezedwa, ndipo kutenga nsomba m'nyanja ya eni popanda chilolezo chawo ndi kuba pamaso pa lamulo. Mufunikanso laisensi yowedzera yochokera ku bungwe la boma loona za chilengedwe la Environment Agency, yomwe aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo ayenera kukhala nayo, kuphatikiza ndalama yolowera mpikisano. Mtovu wolemera kupyola magalamu 0.06 mpaka 28.35 unaletsedwa mu 1987 chifukwa unkapha mbalame za swan, choncho gulani timachaka topanda mtovu. Malamulo a eni nyanja muwawerengeretu: ambiri amafuna mbedza zopanda ngowe yakumbuyo, ena amati maukonde aviikidwe kaye m'mankhwala kapena afike ouma poopa matenda a nsomba, ndipo ena salola carp kusungidwa ukonde umodzi ndi nsomba zazing'ono, kutanthauza kuti mutenge maukonde awiri.