Filimu ndi bodza, documentary ndiye zoona? Yankho kwa eni vidiyo sho a pa Ngabu

Pa imelo pafika kalata ya achimwene ena amene ali ndi vidiyo sho pa Ngabu. Mwachidule akuti: "Tinaonetsa filimu ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Kasungu uja anapanga magetsi ndi mphepo. Itatha anthu anagawikana. Ena akuti zonse zija zinachitikadi poti William alipo, ndi munthu weniweni. Ena akuti filimu iliyonse ya anthu ochita sewero ndi bodza, zoona zimapezeka mu documentary basi. Mkangano wafika mpaka pa bawo, ndipo awiri abetcherana nkhuku. Akulondola ndani?"

Achimwene, nkhukuyo isaphedwe kaye, chifukwa onse awiri aphonya. Woyamba waphonya pa mpope wa madzi. Wachiwiri waphonya kwambiri, poti akuyesa kuti kamera ikangoloza munthu weniweni ndiye kuti palibe amene wasankha zoti inu muone.

Tiyambe ndi filimu munaonetsayo, The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor anaitsogolera n'kusewanso ngati bambo ake a William. Inatuluka mu 2019 ndipo anaijambulira konkuno ku Malawi. Mafupa a nkhaniyo ndi oona. William anabadwa mu 1987, kwawo ndi ku Wimbe, anasiya sekondale chifukwa cha fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, anapeza buku lotchedwa Using Energy m'laibulale yaing'ono, ndipo ali ndi zaka 14 anaimika makina a mphepo pa mitengo ya bulugama, atalumikiza fani ya thalakitala, mapaipi a pulasitiki, chimango cha njinga ndi dayinamo. Zimenezi zili m'buku limene iye analemba ndi Bryan Mealer mu 2009.

Koma makina oyambawo sanapope madzi. Anayatsa babu, kenako mababu angapo ndi wailesi pakhomo pawo. Mpope unabwera patapita zaka, nkhani yake itatuluka m'nyuzipepala mu 2006 ndiponso iye atakalankhula ku msonkhano wa TED, wa anthu ofotokoza nzeru zatsopano, ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007, anthu n'kuyamba kumuthandiza ndi ndalama. Mpope umene unabweretsa madzi akumwa pamudzipo unali woyendera dzuwa. M'filimu zaka zonsezi azipinda n'kukhala nyengo imodzi: njala ili mkati, makina akuzungulira, madzi akutuluka, munda wabiriwira.

Munthu wa ku Chigwa kuno amene anapondapo treadle pump m'dimba sayenera kuuzidwa ndi buku kuti pamenepa pali chokometsera. Tawerengani. Dayinamo ya njinga imapereka mawati 3, yaikulupo 6. Kukweza lita imodzi ya madzi mamita 10 pa sekondi iliyonse kumafuna mawati pafupifupi 100. Ndiye mawati 6, popanda kutayako mphamvu, angakweze malita 200 ndi kanthu pa ola. Mu waya, m'batire ndi mu mpope momwemo mumatayika pafupifupi theka, choncho tinene malita 100, zidebe zisanu za malita 20. Mphepo itaomba usana ndi usiku osapuma, ndi malita 2,400 pa tsiku. Chimanga cha pa ekala imodzi, nyengo yotentha, chimamwa malita okwana 20,000 pa tsiku, ndipo dzuwa la pa Ngabu mu Okutobala limafuna oposa pamenepo. Madzi a dayinamo angathirire mabedi a mpiru ndi tomato kuseri kwa nyumba, osati munda wopulumutsa mudzi. Onjezerani kuti chimanga ngakhale chocha msanga chimatenga miyezi itatu, pamene wanjala sadikira miyezi itatu.

Nanga anasinthiranji? Chifukwa babu limodzi kuyaka m'chipinda ndi chinthu chachikulu kwa amene anakulira pa koloboyi, koma kwa woonera wa ku London sichimaliza nkhani ya njala. Wolemba filimu amafuna kuti vuto limene waliika poyamba lithetsedwe pomaliza ndi munthu yemweyo, mkati mwa maola awiri. Njira zake ndi zodziwika: kupinda nthawi, kuphatikiza anthu awiri kapena atatu kukhala mmodzi, kukulitsa mkangano wa bambo ndi mwana, ndi kupeka mawu a m'nyumba amene palibe anawalemba pa nthawiyo. Ine sindikuona cholakwa pamenepo malinga woonera akudziwa kuti akuonera sewero. Za Chichewa chopotoka chija, chimene mosakayika anthu anu anachiseka, ndi dandaulo lomveka: Ejiofor anabadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, Maxwell Simba amene anasewera William ndi wa ku Kenya, ndipo lilime lawo likaikidwa pafupi ndi la Lily Banda kusiyana kumamveka. Koma katchulidwe koipa sikasandutsa njala ya 2002 kukhala bodza. Ndi mlandu wina umenewo.

Tsopano kwa wobetcha wachiwiri. Pa munthu yemweyu pali documentary, William and the Windmill ya Ben Nabors, ya 2013. Mulibe ochita sewero, muli William mwini wake. Koma imalondola kwambiri za pambuyo pa kutchuka: sukulu ku Johannesburg, maulendo akunja, katundu wa chiyembekezo cha abale ndi cha omuthandiza. Munthu yemweyo, nkhani ina. Nabors naye anasankha poyambira, pothera ndi zotaya.

Kusankha kumeneku kunayamba ndi documentary yeniyeniyo. Nanook of the North ya Robert Flaherty, ya 1922, imene ambiri amaitenga ngati kholo la ma documentary aatali, inajambulidwa pakati pa a Inuit kumpoto kwa Canada. Mwamuna wa m'filimumo dzina lake silinali Nanook koma Allakariallak. Ankasaka ndi mfuti, koma anamupempha agwire mkondo kuti azioneka wachikale. Nyumba ya madzi oundana anaimanga yotsegula mbali imodzi kuti kuwala kukwanire kamera. Mu 1958 a Disney anaonetsa timbewa ta kumaiko ozizira totchedwa lemming tikudziponya tokha m'madzi kuchokera paphompho, pamene ojambulawo ndi amene anatitengera pamalopo n'kumatikankha. Filimuyo inalandira mphoto ya mafilimu ya Oscar.

Koma musavutike ndi za ku Canada. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje ndi ena mwa ojambulidwa kwambiri m'dziko muno. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, namondwe Freddy mu Malichi 2023: nthawi iliyonse makamera amatsika Thabwa kulowera ku misasa ya ku Bangula ndi kutsidya ku Makhanga. Tengani kanema mmodzi wotere, mumuonetse masana kulibe anthu ambiri, rimoti ili m'manja, ndipo muyang'ane izi.

Yambirani kumapeto. Thamangitsani mpaka pa maina ndi zizindikiro za mabungwe. Amene walipira ndiye mwini funso. Kanema wopangidwa kuti apemphere thandizo amafuna nkhope yolira ndi mwana wopanda malaya; wopangidwa kuti aonetse opereka ndalama kuti ntchito yayenda amafuna mayi akumwetulira pa mjigo watsopano. Onse awiri angajambule mudzi umodzi sabata imodzi, palibe wonama, koma mungayese ndi maiko awiri.

Kenako mverani pamene munthu akulankhula. Wojambula amakhala naye mwina mphindi 40, m'kanema n'kulowamo masekondi 30. Mkonzi akadula pakati pa chiganizo, mutu wa wolankhulayo umadumpha, ndiye amaphimba podulapo ndi chithunzi china: manja ali pamwendo, ana akusuzumira, mbuzi ikudutsa. Mukaona chithunzi chachoka pa nkhope mawu akupitirira, dziwani kuti mwina apa alumikiza ziganizo ziwiri zimene sizinatsatizane. Khutu limagwira bwino kuposa diso. Tambala amene analira kumbuyo akadukira pakati, kapena phokoso la chigayo likazima mwadzidzidzi n'kuyambanso, pamenepo pali lumo. Mthunzi nawonso umaulula: ngati poyamba unali kumanzere kwa munthuyo ndipo pomaliza uli pansi pa mapazi, padutsa maola.

Apa inu muli ndi mwayi umene woonera wa kunja alibe. Gogo akamalankhula Chisena kapena Chimang'anja, mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi kapena a womasulira amene awaika pamwamba amakhala afupi kuposa zimene wanena. Kwezani voliyumu mumve za pansizo. Munthu anganene kuti madzi amabwera chaka ndi chaka, amasiya nthaka yachonde, n'chifukwa chake sakufuna kusamukira kumtunda kopanda dimba, koma chaka chino aonjeza. M'munsimo n'kungolembedwa kuti madzi atenga zonse. Sikuti womasulira ndi wabodza nthawi zonse. Mzere wa m'munsi umayenera kuwerengeka m'masekondi ochepa, ndiye chimene chimayamba kutayidwa ndi "koma" uja. Tsoka lake, nkhani yonse ya chifukwa chimene anthu amabwererera ku madimba a m'mbali mwa Shire ndi Ruo imakhala mu "koma" yemweyo.

Yang'ananinso pamene kamera yaima. Mlendo akugogoda pakhomo, mwini nyumba akutsegula modabwa, koma ife tikuonera tili mkati mwa nyumbamo. Ndiye kuti wojambula analowa kale, anakonza kuwala, n'kuwauza kuti yambani. Mayi akusenza chidebe, tikumuona kutsogolo, kenako kumbuyo, kenako mapazi okha, ulendo umodzi womwewo: ngati kamera inali imodzi, mayiyo anayenda katatu. Ojambula ambiri satenga zimenezi ngati chinyengo, poti mayiyo amatungadi madzi tsiku lililonse. Chinyengo chimayamba akamupempha kuchita zimene sachita, monga kuvula nsapato kapena kubisa foni.

Pomaliza, zithunzi zakale. Madzi a 2015 amafanana ndi a 2023 kwa amene sadziwa malowo, ndipo mkonzi akasowa chithunzi cha m'mwamba amatenga chimene chilipo. Kanema wabwino amalemba chaka pakona. Akapanda kulemba, inu mukudziwa mlatho umene unalipo chaka chakuti, msewu umene unali usanaikidwe phula, sukulu imene inali isanamangidwe. Msinkhu wa chimanga umathandizanso: cha mu Januwale sichifanana ndi cha mu Malichi.

Za nyama n'chimodzimodzi, ndipo mafilimu amenewa ndi amene anthu amawakhulupirira kwambiri poti mkango sungauzidwe zochita. Zoona, koma wojambula ku malo ngati Majete, kumene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2003 ndipo mikango inabwezeretsedwako mu 2012, amaima patali ndi lenzi yaitali. Lenzi imakoka chithunzi, sikoka mawu. Kuswa mafupa ndi kuponda udzu kumene mumamva ngati muli pomwepo, nthawi zambiri amakuikamo pambuyo pake mu situdiyo. Kuthamangitsana kwa mphindi ziwiri kungakhale kolukidwa ndi zithunzi za masiku angapo, mwinanso nyama zosiyana. Imitsani kanema muone ngati udzu sunasinthe mtundu pakati pa liwiro, kapena ngati khutu long'ambika la mbawala silinapole mwadzidzidzi.

Ndipo popeza muli ndi vidiyo sho, pali munthu wachitatu amene obetcha anu amuiwala: DJ womasulira mafilimu m'Chichewa. Iye amapereka maina atsopano kwa anthu a m'filimu, amaikamo nthabwala, nthawi zina amalongosola zimene wolemba sanaganizepo n'komwe. Mikangano yambiri ya pa benchi imakhala ya mawu a DJ, osati a filimu. Musanaweruze, funsani ngati onse awiri anaonera kope limodzi.

Mkangano ukabukanso, alekanitseni mafunso, chifukwa anthu amawasakaniza n'kumakalipirana pachabe. Loti "zinachitikadi?" lili ndi yankho, ndipo limafufuzidwa kunja kwa filimuyo: m'buku, m'nyuzipepala za nthawiyo, kwa anthu amene analipo, kapena ndi masamu ngati a dayinamo aja. Loti "anaipanga bwino?" limafuna kuti wonenayo aloze malo: mphindi yakuti nyimbo inakwirira mawu, munthu wakuti anasowa osauzidwa kumene wapita. Loti "yandisangalatsa?" ndi la mwini mtima, ndipo palibe nkhuku imene ingabetcheredwe pamenepo.

Pa kubetcha kwa pa Ngabu, weruzani motere. Amene anati zonse zinachitika waluza pa mpope ndi pa munda wobiriwira m'kati mwa njala. Amene anati zonse ndi bodza waluza pa njala, pa fizi, pa laibulale ndi pa makina a bulugama. Ngati akufuna woti apambane ndithu, abetcherane pa chinthu chimodzi chofufuzika, monga chakuti makina oyamba anayatsa babu kapena anapopa madzi, ndipo agwirizane buku kapena munthu amene adzaweruze filimu isanayambe. Nkhuku ya ulendo uno agawane mtengo wake, idyedwe pamodzi, inu mutengeko chiwindi poti jenereta anali wanu.